Matabwa oyala pansi m'nyumba: mawu oti "olimba" ali ndi matanthauzo atatu

Pamalo ambiri ogulitsira matabwa mu mzinda wa Lilongwe, kuyambira ku Old Town mpaka kwa amisiri a ku Mchesi, kasitomala akafunsa za thabwa yankho limakhala limodzi: ndi lolimba. Paini ndi wolimba, bulugamu ndi wolimba, mlombwa nawonso ndi wolimba. Pa mpando kapena pa shelefu yankho lotere limatha kudutsa popanda mlandu. Koma pa matabwa oyala pansi m'nyumba, pamene anthu amaponda tsiku ndi tsiku, kukoka mipando ndi kukolopa, chilungamo sichichedwa kuonekera. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi kasitomala amabwerera kwa amene anamugulitsa, ndipo sabwera akuseka.

Oda ya matabwa a pansi ndi yaikulu. Chipinda chimodzi chimadya matabwa makumimakumi, ndipo kwa wamalonda wamng'ono oda imodzi ikhoza kuposa zonse zimene wagulitsa mwezi wathunthu. Momwemonso, kubweza ndalama ya oda imodzi yotere kukhoza kumaliza mpamba. N'chifukwa chake wogulitsa ayenera kudziwa chimene akulonjeza akamati thabwa ndi lolimba.

Msika wake uli kuti

Likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Bungwe la Capital City Development Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1968, ndilo linayala mzinda watsopano, kuphatikizapo City Centre ndi madera a nyumba zikuluzikulu monga Area 10, Area 11 ndi Area 12. Kumbali ya Old Town kuli Area 3 ndi Area 9, ndipo Area 43 yakula kwambiri m'zaka za pambuyo pake. M'nyumba zina zakale za m'maderawa muli timatabwa ting'onoting'ono toyalidwa molukana pansi, timene omanga amati parquet. Nyumba zotere zikuyandikira kapena zapitirira zaka 50, ndipo malandilodi amene amachititsa lendi kwa akazembe ndi mabungwe amafuna kuzikonza. Eni malo ogona alendo, malo odyera ndi maofesi a ku City Centre nawonso amafunsa za matabwa a pansi, a masitepe ndi a pakhonde.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu woitanitsa kunja monga matailosi, laminate ndi vanishi anakwera mtengo. Womanga amene akuwerengera ndalama ali ndi chifukwa chofunsira za matabwa a konkuno. Koma makasitomala a m'maderawa nthawi zambiri amabwera ndi kontirakitala kapena mmisiri wawo, amafunsa mafunso, ndipo amauzana. Wogulitsa mmodzi akawakhumudwitsa, mbiri imafika msewu wonse.

Kulimba kutatu

M'Chichewa mawu amodzi akunyamula zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi kulimba kwa pamwamba: thabwa likapondedwa ndi nsapato ya chidendene chosongoka kapena mwendo wa sofa, kodi limalowa m'kati n'kusiya chibowo? Chachiwiri ndi kusadyedwa: kodi chiswe, anankafumbwe ndi chinyontho zimaliononga? Chachitatu ndi kukhazikika: kodi nyengo ikasintha limafufuma, kunyala, kupindika kapena kung'aluka?

Mtengo ukhoza kupambana pa chimodzi n'kulephera pa china. Mkungudza wa ku Mulanje ndi chitsanzo chabwino. Chiswe sichiukonda, n'chifukwa chake anthu ankaufuna pomanga madenga, koma thabwa lake ndi lofewa ndipo silingapirire nsapato. Bulugamu wina ndi wolimba pamwamba kuposa mlombwa, koma amapindika ndi kung'aluka akamauma. Wogulitsa akangoti "ndi lolimba" osanena kuti pa chiti, kasitomala amamva zitatu zonse, ndipo pamenepo ndi pamene mkangano umayambira.

Mmene amayezera kulimba kwa pamwamba

Kulimba koyambako kuli ndi muyezo wake, ndipo si wa dzulodzulo. Katswiri wa zamitengo wa ku Austria, Gabriel Janka, anakonza njirayi mu 1906, ndipo mpaka lero ogulitsa matabwa a pansi m'maiko ambiri amaigwiritsa ntchito. Amatenga kampira kachitsulo kotalika mamilimita 11.28 kuchokera mbali ina kufika ina, n'kukakanikiza pa thabwa louma bwino mpaka theka lake litalowa. Mphamvu imene yafunika kuti kalowe ndiyo nambala ya mtengowo. Kukula kwa kampirako sanangokusankha: malo amene kamasiya pa thabwa amakwana sikweya sentimita imodzi, pafupifupi ngati kunsi kwa chidendene cha nsapato zazitali za amayi.

Ku America nambalayi amailemba m'mapaundi, kwina m'manyutoni. Pofuna kuti imveke msanga, manambala ali m'munsiwa asinthidwa kukhala makilogalamu, ndipo ndi ongoyandikira, potengera mindandanda imene amalonda a matabwa amagwiritsa ntchito:

Paini wa mtundu wa patula: pafupifupi 250.
Mbawa: pakati pa 400 ndi 500.
Bulugamu wa mtundu wa grandis: pafupifupi 570.
Mlombwa: pafupifupi 620.
Msambamfumu: pafupifupi 820.
Bulugamu wofiira wa mtundu wa camaldulensis: pafupifupi 980.
Mkusi wa ku Zambia: pafupifupi 1,350.
Tsanya: pafupifupi 1,500.
Phingo: kupitirira 1,600.

Poyerekeza, mtengo wa red oak, umene ku America amautenga ngati muyezo wa thabwa labwino la pansi, uli pafupifupi pa 585. Izi zikutanthauza kuti mlombwa uli pamlingo wokwanira nyumba yokhalamo anthu, mbawa ili pansi pang'ono, ndipo paini safika ndi theka lomwe la mlombwa.

Manambalawa ali ndi zinthu ziwiri zodabwitsa. Choyamba, mlombwa, umene ambiri amauona ngati mfumu ya matabwa, suli pamwamba pa mndandanda. Chimene chimaukweza mtengo ndi maonekedwe, kusadyedwa ndi chiswe, ndi kukhazikika kwake. Chachiwiri, "bulugamu" si mtengo umodzi. Pali mitundu yambiri, ndipo kusiyana kwa grandis ndi bulugamu wofiira kukuyandikira kuwirikiza kawiri. Wogulitsa amene sadziwa mtundu umene waoda sangalonjeze kanthu.

Tiyeneranso kukumbukira kuti nambala ndi ya mtundu wonse, osati ya thabwa lililonse. Mtengo wodulidwa usanakhwime umakhala wofewa kuposa wokhwima. Mbali yoyera ya kunja kwa chipika imadyedwa msanga ndi tizilombo kuposa mtima wa mtengo. Thabwa laliwisi ndi lofewa kuposa louma.

Mtengo uti, chipinda chiti

Funso loyamba la wogulitsa wanzeru lisakhale lakuti kasitomala ali ndi ndalama zingati, koma lakuti matabwawo akukayala pati.

Paini amapezeka mosavuta ndipo ndi wotsikirapo mtengo. Wambiri amachokera ku Chikangawa, m'nkhalango ya Viphya imene inayamba kubzalidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndipo inafika mahekitala pafupifupi 53,000, ngakhale kuti moto ndi kudula kosabzala zaichepetsa kwambiri. Wina amachokera ku Dedza ndi ku Zomba. Paini ndi wabwino pa denga, pa siling'i ndi pa mashelefu. Pansi akhoza kuyalidwa m'chipinda chogona cha pamwamba pamene anthu amayenda opanda nsapato, bola kasitomala auzidwiretu kuti adzachita zibowo. M'khonde la m'kati, m'sitolo kapena mu ofesi, paini ndi kutaya ndalama.

Mbawa ndi yokongola, yofiirira, ndipo imasalala bwino. Imayenera m'zipinda zogona ndi pabalaza pa banja laling'ono. Mu ofesi ya mipando ya mateyala kapena pamalo olandirira alendo imayamba kuonetsa mikwingwirima msanga.

Mlombwa umakwanira pabalaza, podyera ndi m'zipinda. Mwa mitengo yonse ya m'dera lino, uli m'gulu la imene imanyala pang'ono kwambiri ikamauma, choncho sutsegula mipata kwambiri nyengo ikasintha. Msambamfumu ndi wolimba kuposa mlombwa ndipo nawonso ndi wokhazikika. Pa masitepe, pakhomo lolowera ndi pamalo podutsa anthu ambiri, ndi umodzi mwa mitengo yodalirika kwambiri.

Mkusi, umene azungu ankautcha Rhodesian teak kapena Zambezi teak, umamera pamchenga kumadzulo kwa Zambia ndi mbali zina za Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Angola. Kampani ya Zambezi Sawmills inkaudula kudera la Mulobezi kupangira matabwa a njanji ndi parquet, ndipo timatabwa take tidakalipo m'nyumba zakale zambiri za kum'mwera kwa Africa.

Tsanya ndi phingo zili pamwamba pa mndandanda, koma apa ndi pamene nambala imanyenga. Mitengoyi ndi yolemera moti kachidutswa kouma kamamira m'madzi. Imabunthitsa macheka ndi mipeni ya makina, msomali sulowa popanda kuboola kaye, ndipo phingo sapereka matabwa aatali owongoka. Mmisiri amalipiritsa zambiri, ntchito imachedwa, ndipo kasitomala amakhala walipira kulimba kumene nyumba yake sikufuna.

Bulugamu ndiye mwayi umene ambiri amaunyalanyaza. Ndi mtengo wobzalidwa, umapezeka, ndipo kulimba kwake pamwamba n'kokwanira. Vuto lake ndi kuuma. Ukachekedwa n'kusiyidwa padzuwa umang'aluka kumapeto ndi kupotoka. Ukaumitsidwa pang'onopang'ono pamthunzi, n'kudulidwa timatabwa tating'ono m'lifupi, umatha kuyalidwa pansi n'kukhalitsa.

Zimene nambala sinena

Muyezo wa Janka umanena za chibowo, osati za kukandika. Mchenga ndi fumbi zimene zimalowa ndi nsapato, makamaka m'miyezi ya September ndi October, zimakanda thabwa lililonse chifukwa timiyala ta mchenga ndi tolimba kuposa mtengo uliwonse. Chimene chimakandika poyamba ndi vanishi, osati thabwa. Wogulitsa amene walonjeza kuti msambamfumu "sukandika" wadziikira yekha msampha. Chowonadi n'chakuti umafunika chopondera pakhomo, kusesa kawirikawiri, ndi timapepala tofewa kapena timphira kunsi kwa miyendo ya mipando.

Nambala sinenanso za chiswe, chimene m'madera ambiri a Lilongwe ndi mdani wamkulu wa thabwa. Mtima wa mlombwa, msambamfumu, mkusi ndi tsanya umalimbana nacho bwino. Paini alibe chitetezo pokhapokha atalowetsedwa mankhwala pamakina, ndipo paini wotere nthawi zambiri amaoneka wobiriwira pang'ono. Kupaka mankhwala pamwamba ndi bulashi sikufanana ndi kulowetsa. Ndipo ngakhale pa mlombwa weniweni, mbali yoyera ya kunja imafumbwa. Thabwa lokhala ndi mzere waukulu woyera m'mphepete siliyenera kugulitsidwa pamtengo wofanana ndi lofiirira lonse.

Chachikulu pa zonse ndi chinyontho. Mvula ku Lilongwe imagwa kuyambira cha mu November mpaka April, kenako kumauma miyezi yambiri. Thabwa limamwa chinyontho cha mu mpweya n'kufufuma, ndipo kukauma limanyala. Matabwa aawisi akayalidwa, ikamafika October mipata imatseguka moti ndalama yachitsulo imalowa. Ouma akayalidwa mopanikizana mpaka kukhoma m'chilimwe, ikamafika February amatukumuka n'kudzuka pakati pa chipinda. Madandaulo ambiri a matabwa a pansi amachokera apa, osati pa mtundu wa mtengo.

Kuumitsa ndi gawo la malonda

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thabwa loyala pansi liyenera kukhala ndi chinyontho cha pafupifupi 12 peresenti kapena kucheperapo pang'ono, pamene thabwa longochekedwa kumene limakhala ndi madzi ochuluka kuposa apo kangapo. Kamakina koyezera chinyontho, kokhala ndi timisomali tiwiri tobaya pa thabwa, ndi chida chimene wogulitsa matabwa a pansi ayenera kukhala nacho, ndipo anthu angapo a pamalo amodzi akhoza kusonkherana kugula kamodzi.

Amene alibe kamakinako akhoza kugwiritsa ntchito sikelo. Asankhe thabwa limodzi pamulu, aliyeze, alembe kulemera kwake ndi tsiku pa thabwa lomwelo. Sabata iliyonse aliyezenso. Likasiya kupepuka kwa masabata awiri kapena atatu otsatizana, ndiye kuti lafika pomwe mpweya wa pamalopo ungaliumitse.

Kasanjidwe nakonso n'kofunika. Mulu ukhale pamwamba pa njerwa kapena mitanda, osati pa dothi. Pakati pa mzere uliwonse wa matabwa paikidwe timitengo touma tofanana kukula, toyang'anizana kuchokera pansi mpaka pamwamba, kuti mpweya udutse ndipo matabwa asapindike. Pamwamba pakhale malata ndi zolemera. Kumapeto kwa matabwa kupakidwe penti yotsala kuti kusang'aluke. Kuimika matabwa padzuwa m'mbali mwa msewu kumakopa makasitomala, koma kumaononga katundu wa mtengo wapatali. Paini amauma m'masabata ochepa m'chilimwe. Mitengo yolimba imafuna miyezi.

Wogulitsa achenjezenso mmisiri pa zinthu zitatu. Matabwa agone m'chipinda chimene akukayalidwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri asanakhomedwe. M'mphepete mwa khoma musiyidwe mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, umene umabisika ndi kathabwa ka m'munsi mwa khoma. Ndipo simenti ya pansi iyesedwe: kumata pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse, n'kuisiya tsiku lathunthu. Ikachita thukuta kunsi, simentiyo sinaume kapena ikukoka madzi m'nthaka, ndipo thabwa lililonse loyalidwa pamenepo lidzaonongeka. Mawu atatuwa salipiritsa, koma amateteza dzina la wogulitsa pamene cholakwa chili cha woyala.

Chikomekome cha mkuyu

Wamalonda wamng'ono naye amagula kwa ena, ndipo akhoza kupusitsidwa. Paini kapena bulugamu wopakidwa mankhwala osintha mtundu amaoneka ngati mbawa kapena mlombwa kwa munthu wothamanga. Malonda ndi m'maso, komanso ndi m'manja ndi m'mphuno.

Njira yoyamba ndi kudula kachidutswa kumapeto kapena kupala pang'ono. Utoto umathera pamwamba. Mtundu weniweni umalowa mpaka m'kati. Yachiwiri ndi chikhadabo: pa paini chimasiya mzere mosavuta, pa msambamfumu sichilowa. Yachitatu ndi fungo: paini amanunkhira utomoni ndipo amakhala ndi mfundo zambiri zozungulira, pamene mlombwa wongopalidwa kumene uli ndi kafungo kake kabwino kamene mmisiri aliyense wozolowera amakadziwa. Msambamfumu nthawi zina umakhala ndi timadontho toyera kapena tachikasu m'timabowo ta thabwa. Yachinayi ndi sikelo: zidutswa ziwiri zouma zofanana kukula, cholemera kwambiri nthawi zambiri ndicho cholimba pamwamba.

Palinso njira yoonetsera kasitomala ndi maso ake. Wogulitsa asunge zidutswa zopalidwa bwino za mitundu yonse imene amagulitsa, chilichonse cholembedwa dzina. Kampira kachitsulo kochokera mu bering'i yakale kakagwetsedwa pa chidutswa chilichonse kuchokera pamtunda wofanana, zibowo zake zimasiyana poyera. Si muyezo wa akatswiri, koma umathetsa mkangano msanga kuposa kulumbira.

Maina a kunja nawonso amasokoneza. Mlombwa ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa, ku Mozambique umbila, ku South Africa kiaat. Msambamfumu ku Mozambique ndi chanfuta. Mawu oti "mahogany" ena amatanthauza mbawa, ena msambamfumu, pamene mitengo iwiriyi ndi yosiyana kwambiri pa kulimba. Pa risiti palembedwe dzina lenileni limene onse awiri agwirizana.

Kuwerengera oda

Kasitomala wa matabwa a pansi amaganiza m'masikweya mita, pamene wogulitsa anazolowera kuwerenga thabwa limodzilimodzi. Amene sadziwa kusintha kuchoka ku china kupita ku chinzake amadzidyera yekha phindu.

Chipinda cha mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali ndi masikweya mita 20. Thabwa lotalika mamita 3, limene likapalidwa limatsala masentimita 10 m'lifupi, limaphimba 0.3 ya sikweya mita. Choncho chipindacho chimafuna matabwa 67. Powonjezera 10 peresenti ya zoduka ndi zokanidwa, oda ifike pa 74. Mawu ofunika apa ndi akuti "likapalidwa". Thabwa limachepa likadutsa pamakina, ndipo likasemedwa m'mphepete kuti lilowane ndi linzake limachepanso. Wowerengera pa thabwa losapala adzapeza kuti katundu waperewera ntchito ili pakati, ndipo mtengo wofanana mtundu ndi woyamba uja sudzapezeka.

Timatabwa ta parquet takale nthawi zambiri ndi ta mainchesi 9 m'litali ndi 3 m'lifupi, ndipo sikweya mita imodzi imadya pafupifupi 58. Chipinda chomwe chija chimafuna pafupifupi 1,160, ndipo ndi zowonjezera chimafika cha m'ma 1,270. Apa pali mwayi: zidutswa zazifupi za mitengo yolimba zimene zimatsala kwa amisiri a mipando ndi zitseko, zimene nthawi zambiri zimathera pamoto, zikhoza kudulidwa kukhala timatabwa totere.

Poika mtengo, wogulitsa aphatikize thiransipoti, kupalitsa pamakina, matabwa amene adzang'aluke pouma, ndi miyezi imene ndalama yake yagona pamulu. Thabwa louma bwino liyenera kudula kuposa laliwisi, ndipo kasitomala amene wauzidwa chifukwa chake savuta kulipira. Pofotokoza kusiyana kwa mitengo, chothandiza ndi kuwerengera zaka: pansi pa thabwa lolimba lokhuthala masentimita awiri pakhoza kupalidwa ndi kupakidwanso vanishi kangapo, pamene laminate ikaonongeka pamwamba imangochotsedwa.

Mapepala asanafike matabwa

Mitengo imene ili pamwamba pa mndandanda uja ndi yomweyo imene ikutha m'nkhalango, ndipo lamulo likuitsata. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakwera. Mlombwa, mbawa, msambamfumu ndi tsanya zili m'gulu la mitengo yachilengedwe yotetezedwa, imene sidulidwa kapena kunyamulidwa popanda chilolezo cha nthambi ya zankhalango. Wopezeka ndi matabwa opanda mapepala akhoza kulandidwa katundu, galimoto yonyamula ikhoza kugwidwa, ndipo nkhani imakathera kukhoti. Kunena kuti "ndangogula" sikubweza mpamba.

Boma linaonetsa kale kuti nkhaniyi siyamasewera. Mu 2015 asilikali anatumizidwa kukateteza nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda umamwa. Mu 2016 anthu oposa 30, ena a maiko akunja, anagwidwa akudula tsanya m'nkhalango ya Lengwe ku Chikwawa. Mkungudza, umene ndi mtengo wa fuko lino, unadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri la Mulanje. Aliyense wotsatsa matabwa atsopano a mkungudza akutsatsa mlandu.

Kwa amene amaoda kudzera pachipata cha Mchinji kapena cha Dedza palinso pangano la maiko la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi. Pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016 mitengo ya gulu la Dalbergia, mmene muli phingo, inaikidwa pamndandanda wofuna ziphaso. Pamsonkhano wa ku Panama mu 2022 anawonjezera mitengo ya mu Africa ya magulu a Pterocarpus, Khaya ndi Afzelia, kutanthauza mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Matabwa a mitengoyi sadutsa malire movomerezeka popanda chiphaso cha dziko limene achokera. Makasitomala ena, makamaka mabungwe ndi maofesi a akazembe, amafunsa kumene thabwa lachokera, ndipo wogulitsa wokhala ndi mapepala ndiye amatenga oda.

Chuma chotayidwa pokonza nyumba

Pali njira ina yopezera thabwa lolimba popanda kudula mtengo. Eni nyumba ena akamaika matailosi amazula parquet yakale n'kuiunjika panja ngati zinyalala. Timatabwa timeneti tinauma zaka makumi angapo zapitazo, sitidzapindikanso, ndipo tambiri ndi ta mitengo imene lero ndi yovuta kuipeza. Ku South Africa kugulitsa parquet yakale ndi bizinesi yodziwika. Ntchito yake ndi kupala phula lakuda limene ankamatira kunsi, kusankha tofanana kukula, kutaya todyedwa, ndi kumanga m'mitolo ya sikweya mita imodzi imodzi. Landilodi amene akungofuna kukonza pangodya pamene panaonongeka ndi madzi amasowa kogula timatabwa tofanana ndi take, ndipo amalipira bwino akatipeza.

Chenjezo ndi limodzi: agule kwa mwini nyumba kapena kontirakitala amene ali ndi chilolezo cha mwiniwake, ndipo alembetsane kakalata. Katundu wogulidwa kwa waganyu kuseri kwa mpanda amabweretsa apolisi.

Mafunso anayi asanatchule mtengo

Wogulitsa asanatchule mtengo afunse kuti matabwawo akukayala m'chipinda chanji, mumadutsa anthu ochuluka bwanji, pansipo ndi pa simenti youma kapena yatsopano, ndipo woyala ndi mmisiri amene anagwirapo ntchito yotere. Mayankho ake ndi amene amasankha mtengo. Paini ali ndi malo ake, bulugamu wouma bwino ali ndi malo ake, mlombwa ndi msambamfumu wa mapepala zili ndi malo ake. Pa risiti palembedwe mtundu wa mtengo, kukula kwa thabwa litapalidwa, chiwerengero, ndi mmene laumira. Kasitomala wa ku Area 10 amene pansi pake pakhala bwino dzinja ndi chilimwe chonse ndiye amatumiza mnansi wake kwa wogulitsa yemweyo.